Mitengo Iti Imagwirizana pa Mbale Imodzi?

Tikaona mbale ya zipatso yokhala ndi mizere yakuda ndi yoyera, ambirife timaganiza kuti mmisiri anapaka penti. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Iye amamata ndi guluu matabwa a mitengo yosiyana, kenaka n'kuwasema pamodzi pa makina a lathe, amene amazunguza mtengo pamene chitsulo chakuthwa chikuupala. Ntchito yaikulu ili pa kusankha mitengoyo, chifukwa tikalakwitsa pamenepa, matabwa odula aja apita pachabe.

Choyamba tiyang'ane kuti wina ndi wakuda, wina woyera. Malaina, amene ndi oyererako, amaonetsa bwino kufiira kwa mbawa. Koma mbawa ndi mlombwa, ngakhale yonse ndi mitengo yokongola, imayandikana maonekedwe, ndipo munthu ataima patali saona malire ake. Tikafunabe kuiphatikiza, tiike kathabwa kopyapyala koyera pakati. Mitengo iwiri kapena itatu ndi yokwanira. Ikapitirira apo, mbale imaoneka ngati nsalu ya zigamba.

Pali chinthu china chimene chimatipusitsa ophunzirafe: maonekedwe a thabwa la lero si amene lidzakhale nawo mawa. Mbawa yongocheka kumene imakhala yotuwirako, koma imanka nifiira moderapo ikamakhala pa kuwala. Mafuta kapena vanishi amadetsanso thabwa. N'chifukwa chake tisanamate, tipake mafutawo pa tizidutswa totsala, tiziike pamodzi pawindo kwa masabata angapo, tione ngati tikusiyanabe.

Mphingo ndi nkhani ina. Mtima wake ndi wakuda bii, wolemera moti umamira m'madzi, pamene kunja kwake n'koyera mwachikasu. Chipika chimodzi chimatipatsa maonekedwe awiri popanda guluu. Tikaumata ndi malaina, sandipepala amadya msanga mtengo wofewawo n'kusiya zigwa, ndipo fumbi lakuda limalowa m'thabwa loyera n'kulidetsa. Amisiri ena amayamba apaka vanishi wopepuka pa mbali yoyerayo asanamalize kukwecha. Matabwa onse akhalenso ouma mofanana, apo ayi mbale idzang'ambika m'momwe tinamata.

Mphingo umakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo kuyambira mu 2017 malonda ake pakati pa maiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES. Kamzere kopyapyala m'mphepete mwa mbale ya malaina kamakwanira, ndipo kangachokere m'zidutswa zimene osema ziboliboli amataya.