Dzina lanu limafika bwanji pamwamba pa tsamba la intaneti?

Mukangolowa pa tsamba lina la intaneti, pamwamba pake pamatuluka dzina lanu ngati pali wina amene amakudikirani. Komatu palibe kalaliki amene amakhala pansi n'kumalembera aliyense tsamba lakelake.

Chinsinsi chake chikufanana ndi buku la malisiti la m'golosale. Dzina la sitolo lidadindidwa kale, koma mipata ya dzina la wogula ndi mtengo imadzazidwa pogula. Pa kompyuta, kabokosi kosungira zodzaza m'mipatamo amakatcha variable.

M'chiyankhulo cha makompyuta cha PHP, chomwe Rasmus Lerdorf adachitulutsa m'chaka cha 1995, wopanga tsamba salemba mutu wa tsambalo mobwerezabwereza. Amaulemba kamodzi m'fayilo yapadera, n'kumaiitana ndi lamulo la include paliponse pomwe ikufunika. Lamulo lina, la echo, ndilo limatulutsa zomwe zili mu variable kuti anthu awerenge.

Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amapunthwa. Fayilo yoitanidwayo imangoona ma variable omwe alipo pamalo pomwe yaitanidwirapo. Ikaitanidwa mkati mwa function, komwe ndi kachigawo ka pulogalamu kokhala ndi mpanda wakewake, za kunja kwa mpandawo siiziona, ndipo mpata wa dzina umatsala wosalembedwa. Vutoli lidasautsa opanga masamba a WordPress mpaka m'chaka cha 2020 pomwe WordPress 5.5 idalola kupatsira fayilo yotere zinthu mwachindunji.

Koma choopsa chenicheni chimabwera ngati zotulutsidwazo adalemba ndi mlendo. Wakuba atha kulemba malamulo a pulogalamu pamalo a dzina, ndipo tsamba likangowatulutsa osawasefa, kompyuta ya wowerenga imawamvera.

Zoterezi zidachitika pa MySpace mu Okotobala 2005. Samy Kamkar, mnyamata wa ku America wa zaka 19, adabisa malamulo pa tsamba lake, ndipo aliyense wotsegula tsambalo amawatenga n'kupatsira ena. Pasanathe tsiku limodzi, anthu oposa 1 miliyoni adakhudzidwa, MySpace n'kutsekedwa kwa kanthawi.

N'chifukwa chake mu PHP muli lamulo la htmlspecialchars, lomwe limasandutsa zizindikiro zoopsazo kukhala zilembo wamba. Ngati mwana wanu akupanga tsamba la sukulu, mpingo kapena bizinesi yanu, mufunseni ngati amasefa zolemba za alendo asadazitulutse. Pajatu chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.