Mpopi ukayamba kugwira shoko, funsani za ethi

Eni nyumba ambiri m'tauni amadziwa pomwe pali mita yawo ya magetsi, koma ndi ochepa amene angaloze pomwe panakhomedwa chitsulo cha ethi. Chitsulochi, chomwe kawirikawiri chimakhala chokutidwa ndi kopa, chimakhomedwa m'nthaka pafupi ndi polowera magetsi, ndipo waya wobiriwira wa mizere yachikasu ndiye amachilumikiza ku bokosi la maswichi.

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ndi mphamvu ya mavoti 230. Waya wamoto ukasupuka n'kukhudza chitsulo cha kuka, furiji kapena giza, chipangizo chonsecho chimasanduka chamoto. Magetsiwo amafuna njira yobwerera ku thiransifoma. Ethi akakhala bwino, amathamangira m'waya uja ndipo swichi yoteteza imazima yokha. Akasowa, njirayo imakhala munthu amene wagwira chitseko cha furiji ataponda ponyowa.

Komabe chitsulo cha m'nthaka pachokha sichikwanira. Dothi la mchenga, kapena louma gwa ngati la mu Okutobala, silidutsitsa magetsi okwanira kugwetsa swichi wamba. N'chifukwa chake m'bokosi mumafunikanso swichi yomwe amisiri amaitchula kuti earth leakage. Iyo imadula magetsi ikangozindikira kuti mamiliampu 30 okha asochera.

Gawo limene amisiri othamangira ndalama amalidumpha ndi lomangiriza zitsulo zonse ku ethi yemweyo: mapaipi a madzi, giza ndi bokosi lenilenilo. Cholinga n'chakuti pasakhale kusiyana kwa mphamvu pakati pa zinthu ziwiri zomwe munthu angagwire nthawi imodzi, monga mpopi ndi sinki. Apa m'pamene nyumba zakale zimapusitsa. Paipi yachitsulo yochokera pansi inkathandiza ngati ethi, koma pulambala akadula n'kuikapo chidutswa cha pulasitiki, njirayo imaduka mwini nyumba osadziwa. Nyali zimayakabe, wailesi imalirabe, kufikira tsiku lomwe mwana wakuwa kubafa.

Nacho chizolowezi chosomeka mawaya awiri m'soketi ndi timitengo ta machesi chimataya chitetezo chonsechi, pakuti dzino lalitali la pulagi ndilo la ethi.

Ubwino wa ethi suoneka ndi maso. Umayezedwa ndi makina. Mukamva kunyerenyetsa pampopi, ngakhale pang'ono, zimitsani swichi yaikulu ndipo itanani mmisiri wokhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA kuti adzayeze.