Kuthamanga kwa Magazi: Mdani Wobisala M'thupi Mwathu

Tonse tidaonapo zotere m'mudzi mwathu. Bambo wamphamvu, mlimi wakhama, adzuka m'mawa kuti apite kumunda. Atenga khasu, afika pakhomo, agwa. Pakamwa papotoka, mkono ndi mwendo za mbali imodzi zafa. Dzulo lomweli anali bwinobwino. Abale ayamba kunong'onezana: kodi wamulodza ndani?

Kawirikawiri palibe amene wamulodza. Chamugwetsa ndi nthenda imene idakhala m'thupi mwake zaka zambiri iye osadziwa. Dzina lake ndi kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala amati tensão alta. Abale athu a ku Malawi ndi ku Zambia amati BP.

M'phunziro lino tiona kuti nthendayi ndi yotani, zimene ofufuza apeza, ndi zimene madokotala akutsutsana. Nkhani zimenezi si za madokotala okha. Ndi zathu, chifukwa matupi ndi athu.

Nthendayi ndi yotani?

Mtima umakankha magazi m'mitsempha usana ndi usiku. Magazi akamakankha makoma a mitsempha mwamphamvu kopitirira kwa zaka zambiri, mitsempha imauma ndi kuwonongeka. Mtsempha wa mu ubongo ukaphulika kapena kutsekeka, munthu amafa ziwalo. Imeneyi ndiyo sitiroko. Mtima nawonso umatopa: miyendo imatupa, ndipo munthu amabanika ngakhale pokwera kachitunda. Impso ndi maso nazonso zimawonongeka.

Choopsa ndi chakuti nthendayi nthawi zambiri siipweteka. Njira yoidziwira ndi imodzi: kuyezetsa. Makina oyezera amamangidwa pamkono ndipo amapereka manambala awiri. Nambala yapamwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima ukukankha. Yam'munsi ndi pamene mtima ukupuma. Munthu akapezeka ndi 140 pa 90 kapena kuposa apo, pa masiku awiri osiyana, ndiye kuti ali ndi nthendayi.

Tili angati?

Kale anthu ankati iyi ndi nthenda ya olemera a m'tauni. Kafukufuku adasonyeza kuti si zoona. Mu 2005 ofufuza adayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'zigawo zonse za Mozambique. Mwa anthu 100 alionse, 33 anali ndi nthendayi. Atayezanso mu 2014 ndi 2015, adapeza 39.

Tsono tiyeni tiwerengere pamodzi. Mwa odwala 100, amene ankadziwa kuti akudwala anali pafupifupi 15. Amene ankamwa mankhwala anali pafupifupi 7. Amene magazi awo adatsika bwino anali pafupifupi 3. Otsalawo, 97, ankayenda ndi mdani m'thupi.

Dokotala wa mtima Albertino Damasceno, wa ku Yunivesite ya Eduardo Mondlane, pamodzi ndi anzake adawerenga anthu ogwa ndi sitiroko m'zipatala za ku Maputo. M'chaka chimodzi, kuyambira 2005 mpaka 2006, adapeza 651. Pafupifupi theka adamwalira asanathe masiku 28. Amenewa anali anthu a mumzinda waukulu, pafupi ndi zipatala. Nanga mlimi wa ku Chifunde, ku Tsangano kapena m'mbali mwa nyanja ku Metangula?

Vutoli si lathu lokha. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, WHO, lidanena mu 2023 kuti akuluakulu okwana 1.3 biliyoni ali ndi nthendayi, ndipo anayi mwa asanu alionse salandira chithandizo chokwanira. Ochuluka mwa iwo amakhala m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Mtsutso woyamba: nambala iti?

Mu 2015 ku United States kudatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa SPRINT, wa anthu oposa 9,000 a zaka 50 kupita m'tsogolo. Ena adawatsitsira nambala yapamwamba pansi pa 140, ena adalinga pansi pa 120. Gulu lachiwirili lidali ndi imfa zochepa ndiponso matenda a mtima ochepa. Motero mu 2017 madokotala a mtima a kumeneko adati nthendayi iziwerengedwa kuyambira pa 130 pa 80.

Ena sadavomereze. Adati kutsitsa kwambiri kumafuna mapiritsi ambiri, ndipo kumabweretsa chizungulire, kukomoka ndi mavuto a impso kwa anthu ena. Mu 2021 WHO idalangiza kuti anthu ambiri aziyamba mankhwala pa 140 pa 90, koma amene adadwalapo kale mtima kapena sitiroko aziyamba msanga, pa 130.

Mtsutso umenewu ndi wofunika. Koma ife tikufunsa: kodi 130 kapena 140 ipindulira chiyani mayi amene mkono wake sudayezedwepo chibadwire? Kwathu kuno ntchito yoyamba ndiyo kupeza 85 aja amene sakudziwa kuti akudwala.

Mtsutso wachiwiri: mankhwala ati?

Kwa zaka zambiri mankhwala ankayesedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo ife tinkangolandira zotsatira. Koma mankhwala sagwira ntchito mofanana kwa anthu onse. Chotero madokotala a mu Africa adachita kafukufuku wawo wotchedwa CREOLE. Adayesa odwala 728 m'maiko asanu ndi limodzi: Nigeria, Cameroon, Uganda, Kenya, South Africa ndi Mozambique.

Zotsatira zidatuluka mu 2019. Adapeza kuti mankhwala otchedwa amlodipine, akaphatikizidwa ndi hydrochlorothiazide kapena ndi perindopril, amatsitsa magazi kuposa perindopril ndi hydrochlorothiazide paokha. Maina ndi ovuta, koma phunziro ndi lapafupi: anthu amene sawerengedwa m'kafukufuku amamwa mankhwala oyesedwa pa ena.

Apa mtsutso udakalipo. Ena akuti kusiyanaku kumachokera m'chibadwa. Ena akuti khungu la munthu silingauze dokotala zonse, pakuti chakudya, mchere, umphawi ndi kutalika kwa chipatala nazonso zili ndi mbali yake.

Mtsutso wachitatu: ndani angapereke chithandizo?

Madokotala ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'mizinda. Kodi mlimi adikire dokotala? Ofufuza adayesa njira ina. M'midzi ya ku Bangladesh, Pakistan ndi Sri Lanka adaphunzitsa antchito a zaumoyo a m'mudzi kuyenda khomo ndi khomo, kuyeza anthu ndi kuwatumiza kuchipatala. Mu 2020 zidaoneka kuti magazi a anthu a m'midzi imeneyo adatsika kuposa a m'midzi ina.

Ku China adayesa m'midzi 326. Antchito a zaumoyo a m'mudzi, amene sadaphunzire udokotala wathunthu, adaphunzitsidwa kuyamba mankhwala ndi kuwaonjezera motsata malangizo. Patatha miyezi 18, anthu 57 mwa 100 alionse adafika pansi pa 130 pa 80. M'midzi imene idatsata njira yakale adali 20 okha. Patatha zaka zitatu, sitiroko ndi matenda a mtima zidachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo tiyenera kuzimva. Akuti wantchito wa m'mudzi ali kale ndi katundu wambiri: malungo, kutsekula m'mimba, ana ndi amayi apakati. Akuti makina amafuna mabatire ndi kukonzedwa. Akutinso kupeza odwala popanda mankhwala okwanira m'chipatala ndi kungowapatsa nkhawa. Zonsezi ndi zoona. Koma yankho lake si kusiya midzi. Yankho ndi kuphunzitsa, kuyang'anira ndi kuonetsetsa kuti mankhwala asathe.

Ife njira imeneyi si yachilendo. Pa 24 Julaye 1975, patatha mwezi umodzi titalandira ufulu, Pulezidenti Samora Machel adalengeza kuti ntchito za chipatala zikhale m'manja mwa boma. Mu 1978, chaka cha msonkhano wa ku Alma-Ata umene udati thanzi ndi ufulu wa munthu aliyense, dziko lathu lidayamba kuphunzitsa antchito a zaumoyo osankhidwa ndi midzi yawo, otchedwa APE.

Ndipo mu 2008, m'chigawo cha Tete, anthu omwa ma ARV adayamba kupanga timagulu ta anthu osapitirira asanu ndi mmodzi. Mwezi uliwonse mmodzi ankapita kuchipatala kukatengera anzake onse mankhwala. Ulendo udachepa, ndalama za galimoto zidachepa, ndipo ambiri sadasiye kumwa. Njirayi idafalikira m'zigawo zina ndi m'maiko ena. Tsono tikufunsa: ngati zidatheka ndi ma ARV, zingalephereke bwanji ndi mapiritsi a kuthamanga kwa magazi? Mutu umodzi susenza denga.

Nkhani ya mchere

Mchere wambiri umakweza magazi. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Tisawerenge mchere wothira m'ndiwo wokha. Ulinso m'nsomba zouma monga chicoa, m'buledi ndi m'caldo.

Ku China komweko, m'midzi 600, anthu pafupifupi 21,000 adalowa m'kafukufuku wa mchere wina, umene gawo limodzi mwa magawo anayi ndi potaziyamu. Mu 2021 zidaoneka kuti odya mchere umenewu adagwa ndi sitiroko mocheperako, ndipo imfa zidachepa. Koma mcherewu ndi wokwera mtengo kuposa wamba, ndipo ndi woopsa kwa odwala impso. Apanso funso ndi lomwe lija: kodi udzafika kwa wosauka?

Tichite chiyani?

Nzeru yogonjetsera nthendayi ilipo kale. Mankhwala ake ndi akale ndipo si odula kupanga. Chimene chikusowa ndi chilungamo: kuti wa kumudzi ndi wa m'tauni, wosauka ndi wolemera, ayezedwe ndi kuthandizidwa mofanana. Mbali yathu ndi iyi:

1. Tikapita kuchipatala pa chifukwa chilichonse, tipemphe kuti atiyeze kuthamanga kwa magazi.
2. Tilembe manambala athu m'kope pamodzi ndi tsiku lake. Ichi ndi chimodzi mwa zipatso za kuphunzira kulemba ndi kuwerenga.
3. Tikapatsidwa mapiritsi, timwe tsiku ndi tsiku. Tisasiye chifukwa tikumva bwino. Akativuta, tibwerere kwa anamwino.
4. Tichepetse mchere ndi mowa, tisiye fodya. Nsomba ya mchere tiiviike m'madzi tisanaphike.
5. Munthu akapotoka pakamwa, akafooka mkono kapena akalephera kulankhula, tithamange naye kuchipatala nthawi yomweyo.
6. Pamsonkhano wa mudzi tifunse ngati chipatala chathu chili ndi makina oyezera ndi mankhwala okwanira.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Mwa ife tili pano, ndi angati adayezetsapo?
2. Kuchokera m'mudzi mwathu kukafika kuchipatala ndi ulendo wa maola angati?
3. Kodi tingagwirizane bwanji kuti okalamba athu asasowe mankhwala?

Thanzi ndi ufulu wa tonse. Tiphunzire, tiyezetse, tithandizane!