Dzuwa la m'chipululu limafooketsa ndege ndi woiyendetsa yemwe

Pabwalo la ndege la Eros mumzinda wa Windhoek ku Namibia, ntchito imayamba m'bandakucha. M'miyezi yotentha ya Disembala ndi Januwale, dzuwa lisanatuluke n'komwe, oyendetsa ndege zing'onozing'ono amakhala atayamba kale kuzungulira ndege zawo, kusuzumira m'mathanki a mafuta ndi kuika zikwama za alendo pasikelo. Mlendo wopita kukaona milu ya mchenga wofiira ya ku Sossusvlei amaona ngati akungomuvutitsa: munthu ali patchuthi, mpaka kumudzutsa nkhuku zisanatsike? Komatu changucho chili ndi chifukwa. Ndege yomwe imanyamuka mosavuta 6 koloko m'mawa, pofika 1 koloko masana imathamanga mtunda wautali isanachoke pansi, ndipo ikachoka imakwera monyinyirika. Katundu ndi yemweyo, woyendetsa ndi yemweyo. Chasintha ndi mpweya.

Ndege siuluka pachabe. Mapiko ake amatsamira mpweya, pulopela ya kutsogolo ija imaluma mpweya n'kuukankhira kumbuyo, ndipo injini imakoka mpweya womwewo kuti mafuta ayake. Zonse zitatuzi zimafuna mpweya wothithikana. Vuto ndi loti mpweya ukatentha umatambasuka n'kupepuka, monganso umapepukira munthu akamakwera phiri. Ganizirani phala. Lolimba, supuni imaima chilili. Lamadzimadzi, supuni imangogwa. Mpweya wa masana m'chipululu ndi phala lamadzimadzi lija.

Akatswiri a zandege ali ndi muyeso womwe amagwiritsa ntchito dziko lonse lapansi. Amati pa tsiku labwinobwino, m'mphepete mwa nyanja yamchere kumatentha madigiri 15, ndipo kutenthako kumatsika ndi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse okwera. Bwalo la Eros lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, choncho pa muyesowu payenera kukhala madigiri 4 okha. Digiri iliyonse yopitirira pamenepa imachititsa ndege kumva ngati bwalolo lakwezedwa ndi mamita ena 36. Tsono tsiku loti kwatentha madigiri 35, ndege yoima pa Eros imachita zinthu ngati ili pamtunda wa mamita 2,800. Nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ndi mamita 3,002. Ndege isanasunthe n'komwe, mapiko ndi injini yake zili kale pafupi ndi Sapitwa. Chiwerengero chimenechi oyendetsa ndege amachitcha density altitude, ndipo ndicho choyamba kuwerengera pokonza ulendo wa m'chipululu.

Injini wamba ya mapisitoni, yopanda chipangizo chopanikizira mpweya, imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse pa mamita 300 aliwonse. Pa chitsanzo chathuchi ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zake lapita kale. Kuonjezera apo, mpweya ukachepa, mafuta olowa mu injini amachuluka kuposa mpweya wowatenthera, ndiye woyendetsa amayenera kuwachepetsako ndi kachitsulo kofiira kapatsogolo pake asananyamuke. Wozolowera mabwalo a m'mphepete mwa nyanja amene amangokankha chilichonse mpaka kumapeto amaitsamwitsa injini pa nthawi yomwe akuifunitsitsa. Ndipo mabwalo ambiri a kumalo ogona alendo m'chipululu ndi afupiafupi, a miyala ndi mchenga, omwe amakoka matayala.

Musaganize kuti zimenezi n'za tindege tating'ono tokha. Mu Juni 2017 mumzinda wa Phoenix ku Arizona, m'dziko la America, maulendo opitirira 40 a ndege zonyamula anthu anaimitsidwa kutatentha mpaka pafupifupi madigiri 48, omwe ndi malire a ndege za mtundu wa Bombardier CRJ.

Tsono popeza mpweya sungasinthidwe, chotsala ndi kusintha nthawi ndi kulemera. Apa m'pamene masamu amawawa. Cessna 172, ndege yomwe yapangidwa yochuluka kuposa ina iliyonse chiyambire 1956, ili ndi mipando inayi, koma imaloledwa kunyamula makilogalamu pafupifupi 400 basi, kuphatikizapo mafuta. Mathanki ake amalowa malita pafupifupi 200, ndipo lita imodzi ya mafuta a ndegezi, obiriwira ngati thambo aja, imalemera magalamu 720. Mukadzaza, makilogalamu 144 apita. Otsalawo sakwana akuluakulu anayi ndi zikwama zawo. Kuchepetsa mafuta nakonso n'koopsa, chifukwa m'chipululu mabwalo ndi otalikirana, ndipo si bwalo lililonse lomwe limagulitsa mafuta amtunduwu. Woyendetsa wanzeru amaimbiratu foni kufunsa ngati alipodi, osati kungodalira zolembedwa m'buku.

Madzi akumwa nawo amalemera: lita imodzi ndi kilogalamu yathunthu. Malangizo a kapulumukidwe m'chipululu amati munthu mmodzi amafunika malita osachepera anayi pa tsiku. Anthu atatu, masiku awiri odikira thandizo, ndi makilogalamu 24. Poti sikelo sinama, mtima umanong'oneza kuti chigubu cha madzi chitsale, ulendo wake ndi wa maola awiri okha. Ine ndikuti chitsale chikwama cha zovala, atsale ngakhale mlendo mmodzi, koma chigubucho chikwere.

Nthawi yonyamukira nayo ili ndi zake. Dzuwa likawotcha nthaka, mpweya wa pansi umakwera m'mizati yosaoneka, kwinaku wina ukutsika. Ndege yaing'ono yodutsa m'menemo imadumphadumpha ngati minibasi pamsewu wa maenje, ndipo okwera amayamba mseru. Pabwalo pamabuka akamvuluvulu otha kutembenuza ndege yomwe ikutera. M'katikati mwa Namibia nyengo yotentha ndi yomwenso ya mvula yamabingu. Pamakhala mitambo ina yomwe mvula yake imaoneka ikulendewera m'munsi ngati ndevu koma osafika pansi, chifukwa imauma ili m'njira. Yooneka yofatsayo ndiye yoopsa: mvula youmayo imaziziritsa mpweya, mpweyawo n'kugwa pansi mwamphamvu kuposa momwe ndege yaing'ono ingakwerere. Ku Sudan ndi ku Arizona mphepo yotereyi imatukula khoma la fumbi lomwe amalitcha haboob. Lamulo la akale m'ntchitoyi ndi lakuti pofika masana ndege ikhale itatera ndi kumangidwa.

Komabe ku Namibia kulawirira kokha sikukwanira. Kuchoka ku Windhoek kupita ku Swakopmund m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic ndi makilomita opitirira pang'ono 250 mlengalenga. Kumeneko madzi ozizira oyenda m'nyanjamo, otchedwa Benguela, amabweretsa chifunga chomwe chimaphimba gombe m'mawa, n'kumayera dzuwa likakwera. Kunyamuka molawirira kwambiri, mukapeza bwalo losaoneka. Kuchedwa, muvutika ponyamuka. Woyendetsa amasaka kampata kapakatipo, atasunga mafuta okwanira kubwerera kapena kukatera kwina.

Zonsezi n'za makina. Koma pampando pali chinthu china chomwe dzuwa likuchifooketsa nthawi yomweyo, ndipo icho chilibe geji yoonetsa kuti chatsala pang'ono.

Ndege zing'onozing'ono zambiri zilibe makina oziziritsira mpweya. Chipinda cha woyendetsa ndi magalasi mbali zonse, ndipo ndege ikaima padzuwa m'katimo mumakhala ngati mu uvuni. Ngakhale matabuleti omwe oyendetsa ambiri amaonerapo mapu masiku ano amazima okha akatenthedwa, n'chifukwa chake mapu a papepala sanathe ntchito. Thupi limadziziziritsa ndi thukuta, ndipo pakatentha kwambiri munthu amatha kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Chinyengo cha m'chipululu n'chakuti mpweya wake ndi wouma moti thukuta limauma lisanaoneke. Malaya ali gwaa, munthu akudziona ngati ali bwinobwino, madzi akutha.

Ofufuza za thupi apeza kuti munthu akataya madzi olemera 2 pa 100 iliyonse ya kulemera kwake, nzeru zimayamba kuchedwa. Kwa munthu wa makilogalamu 70, amenewo ndi madzi osakwana lita imodzi ndi theka. Mutu umayamba kuwawa, chidwi chimabalalika, kuwerengera kosavuta kumafuna kubwereza. Ludzu limabwera mochedwa, kutaya madzi kutayamba kale. Pamwamba pa izo pali khalidwe lomwe oyendetsa ndege zing'onozing'ono amalidziwa koma salitchula pagulu: popeza m'ndegemo mulibe chimbudzi, ambiri amadzimana madzi dala asananyamuke. Amafika pa nthawi yotera, yomwe imafuna maso akuthwa ndi manja okhazikika kuposa nthawi ina iliyonse, ali ouma ngati nsomba ya pathandala. Botolo lokodzeramo ndi lamanyazi, inde, koma n'lotchipa.

Njira yodziyezera ilipo ndipo siifuna dokotala. Mkodzo woyererako ndiye kuti zili bwino. Wachikasu chakuda ngati tiyi, komanso wochepa, ndi chenjezo. Kumwa pang'onopang'ono pafupipafupi kumathandiza kuposa kugugudiza kamodzi, ndipo poti thukuta limapita ndi mchere, timapaketi ta Thanzi tomwe timasungunulira ana otsekula m'mimba timagwiranso ntchito kwa wamkulu amene wakhetsa thukuta tsiku lonse. Mowa wa dzulo usiku umayambitsa ulendo thupi lili kale ndi ngongole ya madzi.

Pothawa kutentha ndi kudumphadumpha, woyendetsa amakwera m'mwamba komwe kuli kozizira. Nzeru yabwino, koma kumeneko mpweya wa okosijeni ndi wochepa. Malamulo a ku America amati woyendetsa wokhala pamwamba pa mamita 3,800 kupitirira mphindi 30 azipumira okosijeni wa m'botolo. Kuperewera kwa okosijeni kuli ndi msampha wake: munthu amamva bwino, mwinanso kusangalala kumene, uku akulakwitsa. Kukakumana ndi kuuma kwa thupi, zizindikiro zimafanana ndipo zimathandizana.

Kutenthedwa kukafika poipa, thupi limapitirira madigiri 40, munthu amayamba kubwebweta, kudzandira, mwina kukomoka. Apa imfa ili pafupi. Chofunika ndi kumuika pamthunzi, kumumasula zovala, kumuthira madzi thupi lonse ndi kumukupiza, uku thandizo likuitanidwa. Wokomoka samwetsedwa kanthu. Madalaivala a mathiraki odutsa ku Tete mu Okutobala, ngakhalenso alimi a ku Nsanje ndi Chikwawa, zizindikirozi n'zomwezo kwa inunso.

Nanga injini ikazima pakati pa chipululu? Mbiri ili ndi nkhani ziwiri zomwe ophunzitsa amakonda kuzitchula. Mu Epulo 1943, ndege yankhondo ya ku America yotchedwa Lady Be Good inasochera usiku n'kulowa m'chipululu cha Libya mpaka mafuta kutha. Asilikali anadumpha ndi maparachuti, ndipo asanu ndi atatu omwe anatera amoyo anayamba kuyenda kulowera kumpoto ndi kabotolo kamodzi ka madzi. Onse anafera m'njira. Ndegeyo inaonedwa mu 1958, ndipo omwe anafikapo anapezamo madzi, chakudya ndi wailesi yogwirabe ntchito. Inali itagwa makilomita osakwana 30 kum'mwera kwa pomwe anyamatawo anatera.

Nkhani inayo ndi ya Bill Lancaster, yemwe mu Epulo 1933 ankafuna kuphwanya mbiri ya liwiro pa ulendo wochoka ku England kupita ku Cape Town. Ndege yake yaing'ono inagwa m'chipululu cha Sahara kum'mwera kwa Reggane ku Algeria. Iye anachita zoyenera: anakhala pamthunzi wa phiko, akumwa madzi ake mosinira ndi kulemba zomwe zinkamuchitikira tsiku ndi tsiku. Anapirira masiku asanu ndi atatu. Omusaka ankayang'ana kwina, ndipo mtembo wake unapezedwa ndi asilikali a ku France mu 1962.

Kukhala pa ndege ndiye koyenera, chifukwa ndege imaoneka patali kuposa munthu, ili ndi mthunzi, ndipo kuyenda padzuwa kumamaliza madzi a m'thupi msanga. Koma kudikira kumapindula pokhapokha wina akudziwa kokusakani. Zomwe Lancaster analibe, lero zilipo. Ndege zimakhala ndi kachipangizo komwe kamalira kokha pa 406 MHz ndege ikagunda pansi, ndipo masetilaiti a Cospas-Sarsat amauza opulumutsa anthu malo ake. Woyendetsa amasiyanso kwa oyang'anira zamlengalenga ndondomeko ya njira yomwe adutse ndi nthawi yomwe akafike, kuti akachedwa kusaka kuyambe. Ndondomekoyo imagwira ntchito ngati iye watsatadi njira yomwe analemba, osati kupatuka makilomita 50 kukaonetsa alendo mbidzi. Zinanso zoyenera kunyamula n'zopepuka: kagalasi kodziyang'anira kothwanimitsira dzuwa, chipewa, nsalu yotchingira ndi chovala chofunda cha usiku, pakuti chipululu chimazizira dzuwa likalowa, zonsezi sizifika makilogalamu awiri.

Choncho inu amene tsiku lina mudzakwere kandege kotere ku Namibia, ku Botswana kapena kwina kulikonse kotentha, woyendetsa akadzakufunsani kulemera kwanu, nenani zoona. Akadzati chikwama chitsale, chisiyeni. Akadzati ulendo wa masana waimitsidwa mpaka mawa m'mawa, musadzakangane naye. Inu mudzangomufunsa kuti madzi akumwa alimo malita angati.