Maere a Kupulumuka

Ku Chiringa, m'munsi mwa phiri la Michesi, madoda akakhala pa bawo wogonja sanena za tsoka, pakuti m'bawo zonse zili m'mutu ndi m'zala. Koma aliko maseŵero ena amene nzeru pazokha sizikwanira. Otchuka mwa iwo ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anawasindikiza ku America m'chaka cha 1974.

Maseŵeroŵa ali ngati nthano ya madzulo, kungoti omvera sangoyankha kuti “tili tonse”. Aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthanomo, kaya msilikali, kaya wamatsenga, namuyendetsa monga afunira. Wofotokoza ndiye amautsa zoopsa: msampha, poizoni, kapena chinjoka cholavula moto, chimene anthu a ku Phalombe odziŵa mbiri ya Napolo sangavutike kuchiona m'maganizo.

Tsono chinjoka chikalavula moto, ndani agamule kuti msilikali wafa? Wofotokoza akagamula yekha, mwini msilikaliyo, amene mwina wamlera m'maseŵero kwa miyezi yambiri, angati pali kukondera. Apa ndi pamene pabwera lamulo lotchedwa saving throw, ndiko kuponya dayisi kuti munthu apulumuke. Lamuloli linachokera ku maseŵero akale a nkhondo ochitira pa tebulo.

Dayisi yake ili ndi mbali 20, ndipo woponya ndi mwini munthu amene ali m'zoopsayo, osati mdani wake. Monga mwa malamulo a 2014, wofotokoza amatchula nambala yoti ifikidwe, tinene 15. Ngati msilikaliyo ndi wochangamuka, naloledwa kuwonjezera 3 pa zimene waponya, ndiye kuti akufuna 12 kapena kuposa. Mbali zotere zilipo 9 mwa 20, kutanthauza kuti mwayi wake sufika theka. Akapambana sikuti watuluka wopanda bala. Kaŵirikaŵiri moto umamtentha ndithu, koma theka lokha, ngati munthu amene wadzigwetsa kuseri kwa thanthwe.

Malamulo a 1974 anagaŵa zoopsa m'magulu 5, ndipo nambala zake zinali m'ndandanda. Msilikali wongoyamba ankafuna 12 kuti apulumuke ku poizoni, 14 kuti asasanduke mwala, ndi 15 pa moto wa chinjoka. Nambalazi zinkatsika iye akamakhwima. Anali malamulo ouma mtima, chifukwa wolephera pa poizoni ankafa pomwepo. M'chaka cha 2000 magulu anatsala 3: kupirira kwa thupi, kuleŵa msanga, ndi kulimba mtima. Malamulo a 2014 anawafikitsa pa 6, ndipo mpomveka kuti wamatsenga wofooka thupi amaopa poizoni, pamene chimphona chopanda nzeru chimaopa kulodzedwa.

Kuponya kumene kumakhalitsa chete tebulo lonse ndi kwa munthu amene wagwa, ali pakati pa moyo ndi imfa. Nthaŵi yake ikakwana, mwini wake amaponya popanda chowonjezera. Nambala 10 kapena kuposa ndi kupambana. Akapambana katatu, wapulumuka. Akalephera katatu, wapita. Dayisi ikagwa pa 1 amaŵerenga kulephera kuŵiri, koma ikagwa pa 20 munthuyo amatsitsimuka pomwepo. Anzake akafulumira kummanga mabala kulephera kwachitatu kusanafike, kuponyako kumalekera pomwepo.