Kabulonga ndi Chinyanja cha mu Lusaka

Malo ake

Kabulonga ali kum'mawa kwa pakati pa mzinda wa Lusaka, moyandikana ndi Woodlands, ndipo amadziwika ndi nyumba za mipanda, misewu ya mitengo ndi sukulu ziwiri za sekondale, ya anyamata ndi ya atsikana, zimene pa nthawi ya atsamunda zinkatchedwa Gilbert Rennie ndi Jean Rennie.

Chilankhulo ndi kalembedwe kake

Ngakhale Chingerezi chili ndi mphamvu m'nyumba zimenezi, wolowa mu minibasi yopita ku Kabwata kapena ku Chelstone amamva Chinyanja chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chinsenga. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amene amachilankhula tsiku lonse amachilemba mosasamala, chonsecho kalembedwe kake kali ndi nzeru yozama.

Nzeruyo imaoneka pa makonsonanti, amene ndi mawu otuluka pamene milomo kapena lilime zatsekereza mpweya. Munthu akaika chikhatho pafupi ndi milomo n'kunena "pala", kenaka "phala", amamva kampweya kakumuomba pa liwu lachiwiri lokha, ngakhale milomo yatsekeka mofanana. Chimodzimodzinso "kola" ndi "khola", pamene tsinde la lilime limagunda kumwamba kwa m'kamwa. Chilembo cha h chimaimira mpweya umenewu, ndipo wochisiya amasandutsa chakudya cha mwana kukhala ntchito ya mmisiri wa matabwa.

Anthu a ku Korea anapita patali kuposa apa, chifukwa zilembo zawo za Hangul, zimene Mfumu Sejong inakonza mu 1443 n'kuzilengeza mu 1446, zimajambula m'kamwa mwenimwenimo. Chilembo cha ㄱ chimaonetsa tsinde la lilime likutseka kukhosi, ㄴ nsonga ya lilime ikukhudza nkhama zakumwamba, ㅁ pakamwa, ndipo akafuna liwu la mpweya amawonjezera kamzere, kotero kuti ㄱ imasanduka ㅋ monga k imasandukira kh. Cholinga cha mfumuyo chinali chakuti anthu wamba, amene zilembo za Chitchaina zinkawavuta, athe kulemba zakukhosi kwawo.

Malamulo

Boma la Zambia linatsimikiza kalembedwe ka zilankhulo zisanu ndi ziwiri mu 1977, ndipo n'chifukwa chake kumeneko amalemba "Cinyanja" pamene Amalawi amalemba "Chinyanja". Kusiyana kumeneku n'kochepa. Makolo a ku Kabulonga asachite manyazi ndi chilankhulo cha agogo awo, koma aphunzitse ana kuchilemba molondola monga amawaphunzitsira Chingerezi.