Likoma ndi Botswana: Madzi Opanda Munda, Dziko Lopanda Madzi

Kale, pamene amuna a maiko ambiri anali kukomana m'makomboni a migodi ya ku Joni, madzulo anali kukonda kufunsana za kwao. Munthu wa ku Likoma akafunsidwa cimene cinamcotsa kwao, anali kuyankha kuti madzi ngambiri koma polima palibe. Mtswana akafunsidwa funso lomwelo, anali kunena kuti dziko nlalikulu losatha kuliyenda, koma mvula njosadalirika. Munthu wa ku Fort Jameson, kumene lero ati Chipata, anali kuwamvera modabwa, pakuti kwao kunali nthaka ndi mvula yomwe, koma nayenso anali m'komboni momwemo. Nkhani ino ilinganiza maiko awiri aja, kuti cioneke cimene cimacotsa anthu kwao, ndi cimene cimasunga mudzi eni ace atapita kunchito.

CISUMBU CODZALA NDI ANTHU

Likoma ndi cisumbu ca m'nyanja ya Malawi. Anthu a kunyanja ati cilumba. Kukula kwace ndi masikweya kilomita 18 okha, kotero kuti munthu wonyamuka m'mawa ku nsonga ya kumpoto afika ku nsonga ya kumwera dzuwa lisanafike pamutu. Pafupi pace pali kacisumbu kena, dzina lace Chizumulu. Pa ciwerengero ca anthu ca mu 2018, zisumbu ziwirizi zinapezeka ndi anthu oposa 14,000, ndiko kuti anthu ngati 700 pa sikweya kilomita iliyonse.

Zisumbuzi nza dziko la Malawi, koma madzi ozizungulira nga Mozambique. Mapiri a ku Mozambique aoneka pafupi kum'mawa, pamene gombe la Malawi lili kutali makilomita oposa 50. Cinacititsa zimenezi ndi mishoni. M'caka ca 1885 amishoni a mpingo wa Anglican, a bungwe la U.M.C.A., anamanga mudzi wao pa Likoma, pofuna malo otalikirana ndi nkhondo ndi malonda a akapolo a kumtunda. Pamene Angelezi ndi Apwitikizi anagawana dziko mu 1891, gombe loyang'anana ndi Likoma linapita kwa Apwitikizi, koma zisumbu zinatsala kwa Angelezi cifukwa ca amishoniwo.

Nthaka ya pa Likoma njamiyala ndi mcenga. Milambe ndi mango zikula bwino, cinangwa cibereka ndithu, koma cimanga cokwanira anthu onse sicingalimidwe. Cimene nyanja ipatsa ndico nsomba: usipa, utaka ndi zina. Ufa, nkhuni ndi mitengo yomangira nyumba zicokera kutsidya pa ngalawa, ndipo katundu wa m'sitolo abwera pa sitima, makamaka Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951. Mphepo ya mwera ikakula, ngalawa zikhala pagombe, ndipo anthu adikira.

DZIKO LALIKULU LA ANTHU OCEPA

Botswana, dziko limene kale dzina lace linali Bechuanaland, lili kumwera kwa Zambia. Maiko awiriwa akhudzana pa kamalo kakang'ono ku Kazungula, kumene ulalo waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa mu 2021. Kukula kwa Botswana ndi masikweya kilomita oposa 581,000, koma mu 2022 anthu ace anali ngati 2,360,000 cabe, ndiko kuti anthu anai pa sikweya kilomita. Caka comweco Cigawo ca Kum'mawa ca Zambia cokha cinali ndi anthu oposa pamenepo, cingakhale Botswana acipambana kukula kasanu ndi katatu ndi kupitirira.

Gawo lalikulu la dzikolo ndi cipululu ca Kalahari. Si mcenga wokhawokha wopanda comera ai. Udzu ndi mitengo ya minga zilipo, koma mitsinje yoyenda caka conse njosowa, pakuti mvula ikagwa imwerera mu mcenga. Ku Chipata igwa mvula ya mamilimita ngati 1,000 pa caka. Kumwera ca kumadzulo kwa Botswana zaka zambiri siifika 250. Mtsinje waukulu wa Okavango, wocokera ku Angola, sufika ku nyanja ya mcere: umwazika m'madambo nuthera momwemo. Cifukwa cace anthu ambiri akhala kum'mawa kwa dziko, m'mbali mwa njanji imene inamangidwa kucokera ku Mafeking kupita ku Bulawayo. Cuma ca makolo ao cinali ng'ombe ndi mapira. Mvula aiyesa cinthu ca mtengo wapatali, kotero kuti mau akuti pula, ndiwo mvula m'cinenero cao, ndiyo mfuu ya pa misonkhano yao, ndipo mu 1976 anapatsa ndalama yao dzina lomwelo.

MMENE AFANIRANA

Munthu angayese kuti maiko awiriwa alibe cofanana, koma mbiri yao iyendera limodzi. Caka ca 1885, cimene amishoni anakhazikika pa Likoma, ndico caka cimene Angelezi anaika Bechuanaland pansi pa citetezo cao. Likoma anazingidwa ndi madzi a Apwitikizi. Bechuanaland anazingidwa ndi South Africa, South West Africa ndi Southern Rhodesia, ndipo ngakhale boma lace linali kunja kwa dziko, ku Mafeking, kufikira 1965 pamene linasamukira ku Gaborone. Atsamunda sanaone phindu m'malo awiriwa. Cotero sanalandemo dziko lambiri, koma sanamangemonso zambiri. Pa tsiku la ufulu, 30 September 1966, Botswana anali ndi mseu wa tara wa makilomita ngati 12 okha, ndipo cilala ca zaka zimenezo cinali citapha ng'ombe zosawerengeka.

Cofanana cacikulu ndi ici: dziko likalephera kudyetsa ana ace, ligulitsa mphamvu zao. Amuna a ku Likoma anabalalika ku Nyasaland konse, ku Tanganyika, ku Halale, ku migodi ya mkuwa ndi ku Joni. Atswana zikwi zambiri anali kupita caka ndi caka ku migodi ya golide. Njira ya Atswana ndi ya anthu a ku Nyasaland zinali kukomana ku Francistown, tauni ya kumpoto ca kum'mawa kwa Botswana, kumene bungwe la Wenela linali kutsitsa anchito obwera pa ndeke kuti akwere sitima ya ku Johannesburg. Kumeneko pa 4 April 1974 ndeke ya Wenela inagwa itangouluka, nipha anthu 78, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwao. Pambuyo pa ngoziyo Dr. Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anchito m'Malawi kwa zaka zingapo.

CIMENE ALIYENSE ANAGWIRA

Kusiyana kwao kuoneka pa cimene aliyense anacita ndi kusowa kwace. Likoma analibe msipu kapena mwala wa mtengo. Cimene anagwira ndico sukulu. Amishoni anaphunzitsa anyamata ndi atsikana omwe kuwerenga ndi kulemba, naphunzitsanso ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku. Chalichi cacikulu ca Petro Woyera, cotalika mamita ngati 100, cinayamba kumangidwa mu 1903 pa malo a Chipyela, pamene kale anali kutenthapo anthu oganiziridwa ufiti. Cotero munthu wa ku Likoma popita kunchito kawirikawiri sanali kulowa pansi ndi fosholo, koma anali kalaliki, mphunzitsi kapena wothandiza m'cipatala. Malipiro ace anali okulirapo, ndipo anali kutumiza ndalama za ufa ndi za sukulu ya ang'ono ace. Maphunziro amenewa anafika ndi ku dziko la Chipata komwe: wansembe Leonard Kamungu, wa ku Chia pafupi ndi Nkhotakota, amene anaphunzira m'masukulu a mishoni yomweyi, anatumidwa ku Msoro m'dziko la Akunda, natsegula mishoni ndi masukulu, namwalira komweko mu 1913.

Cobvuta ca njira iyi ncakuti ophunzira ambiri sabwerera, pakuti pa cisumbu nchito yoyenera maphunziro ao njocepa. Ena asanduka machona. Likoma aphunzitsa, koma maiko ena ndiwo akolola.

Botswana anagwira dziko lace. Mu 1895 mafumu atatu, Khama, Sebele ndi Bathoen, anapita ku London kukakana kuti dziko lao liperekedwe ku kampani ya Cecil Rhodes, ndipo mau ao anamveka. Motero msipu wambiri unatsala m'manja mwa eni ace, ndipo munthu wobwera ku Joni anali ndi poika ndalama zace: anali kugula ng'ombe ndi pulawo. Mu 1967, patapita caka cimodzi cilandirire ufulu, madaimondi anapezeka ku Orapa. Mgodi unatsegulidwa mu 1971, ndi wina wolemera koposa ku Jwaneng mu 1982. Boma la Sir Seretse Khama linaika lamulo lakuti miyala ya pansi nja dziko lonse, si ya mtundu umene mwalawo wapezeka m'dera lace, cingakhale Orapa anali m'dziko la Bangwato, mtundu wa Seretse mwini. Boma linagawana migodiyo pakati ndi kampani ya De Beers, ndipo ndalama zinamanga miseu, masukulu, zipatala ndi zitsime zakuya. Zina zinasungidwa kudikira zaka zoipa. M'zaka 30 dziko limene linali pakati pa osaukitsitsa linakhala limodzi la maiko opeza bwino mu Africa.

Koma mwala nawonso uli ndi malire ace. Kuyambira 2023 malonda a madaimondi anatsika kwambiri, ndipo cifukwa cina ncakuti tsopano madaimondi apangidwanso ndi makina nagulitsidwa pa mtengo wocepa. Ndalama za boma zinacepa, acinyamata ambiri anali opanda nchito, ndipo pa masankho a mu October 2024 cipani cimene cinalamula kuyambira pa ufulu cinagonja. Anthu a ku migodi ya Zambia aidziwa bwino nkhani yotere, pakuti mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994.

NANGA WA KU CHIPATA?

Tsono latsala funso la munthu wa ku Fort Jameson uja: iye anacokeranji kwao, kumene kunali nthaka ndi mvula? Mlandu wace suli pa mvula kapena pa nthaka, koma pa anthu. Kuciyambi kwa 1898 asilikali a Angelezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha mwana wace Nsingo, nalanda ng'ombe zikwi zambiri. Kampani ya North Charterland inati dziko lalikulu lozungulira Fort Jameson nlace. Minda yabwino inasanduka mafamu a fodya, ndipo Angoni, Acewa ndi Ansenga anapanikizidwa m'malo ocepa amene boma linawapatulira, kumene nthaka inaguga msanga. Msonkho unafuna ndalama, ndipo ndalama zinali ku Halale ndi ku migodi. Boma linagula dzikolo ku kampani mu 1941, koma pamenepo njira ya kunchito inali itazolowereka kale. Kunena mwacidule, dziko la nthaka ndi mvula linasandutsidwa ngati cisumbu: anthu ambiri pa malo ocepa. Cimene Khama ndi anzace analetsa ku London ndico cimene cinagwera anthu a Mpezeni.

Lero dziko la Chipata lili ndi zonse ziwiri zimene Likoma ndi Botswana asowa: nthaka yobereka cimanga, nshawa, thonje ndi fodya, ndi mvula yoithirira. Koma mbiri ya maiko awiriwa ionetsa kuti malipiro atha, ndipo mgodi womwe utha; cotsala ndi cimene malipirowo anasandulika. Wa ku Likoma anaika ndalama zace m'mutu mwa mwana. Mtswana anaziika m'khola, ndipo boma lace linaziika m'miseu, m'zipatala ndi m'zitsime. Palibe mwa awiriwa amene anatha mabvuto onse, koma aliyense anatsala ndi kanthu pamene Wenela anatseka zitseko zace.

Wanchito wa ku Kitwe, ku Chingola kapena ku Lusaka, amene kwao ndi kwa Mpezeni, kwa Kawaza kapena kwa Msoro, akomana ndi funso lomwelo pa kutha kwa mwezi uliwonse: pa ndalama izi, nciani cidzaoneka kumudzi zaka khumi zitapita? Iye ali ndi mwai woposa anzace awiri aja, pakuti akhoza kuziika m'sukulu, m'khola ndi m'munda momwe. Tsiku lidzafika limene mphamvu zidzacepa ndipo nyumba ya kampani idzapatsidwa wina. Akulu anati: kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka.